Tisanagule sistimu ina, wina akhale pansi aone mmene yakaleyi ikugwirira ntchito

Zaka zingapo zapitazo ndinalembedwa ntchito ya masabata atatu yoyenda m'zipatala zing'onozing'ono za kuno ku Chigawo cha Kum'mawa cha Zambia, ndikufunsa ogwira ntchito mafunso a kafukufuku wina wokhudza makompyuta amene anali atangoikidwa m'zipatalamo. Anatipatsa matabuleti, mafunso anali m'Chingerezi, ndipo funso lililonse linali ndi mayankho asanu okonzeratu, kuyambira pa kukana kwathunthu mpaka pa kuvomera kwathunthu. Pachipatala china chakutali ndi msewu wa tala ndinapeza anamwino achikulire ali okha, mzere wa amayi oyembekezera utafika mpaka pansi pa mtengo wa mango panja. Anandipatsa mphindi zochepa. Nditawafunsa ngati kompyuta ikuwathandiza kugwira ntchito mofulumira, anati ikuthandiza, nditafunsa ngati ndi yosavuta, anati ndi yosavuta, ndipo nditafuna kudziwa ngati akuvomera pang'ono kapena kwathunthu, anandiyang'ana nati, "Mwana wanga, lembani kwathunthu, odwala akundidikira."

Galimoto yathu inachedwa kudzanditenga tsiku limenelo, choncho ndinakhala pabenchi mpaka madzulo, ndipo zimene ndinaona pa maola amenewo tabuleti inalibe malo ozilembapo. Kompyuta ija inakhala yophimbidwa ndi chitenje tsiku lonse. Wodwala aliyense ankalembedwa m'kaundula wamkulu wa pepala, kenako anamwinowo ankalembanso zina m'kope lawolawo la chikuto cholimba, limene anadulamo mizere ndi rula. Odwala atatha, dzuwa litapendeka, ndi pamene anavundukula chitenje chija nayamba kukopera za tsiku lonse m'kompyuta, akupikisana ndi batire la sola limene linali litayamba kale kufooka. Ntchito imodzi inkalembedwa katatu. Koma yankho limene ine ndinabwerera nalo ku Chipata, limene linakaphatikizidwa ndi mayankho ena mazanamazana, linati anamwino amenewa akuvomera kwathunthu kuti kompyuta yawapeputsira ntchito.

Anamwino aja sindikuwaimba mlandu. Anayankha monga munthu waulemu amayankhira mlendo wobwera pa galimoto yolembedwa dzina la bungwe pachitseko, makamaka mlendoyo akamafunsa za mphatso imene abale ake anabweretsa. Cholakwika chinali funso lathu ndi liwiro lathu. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikukhulupirira kuti chigawo chathu chikusowa kwambiri kafukufuku weniweni wa mmene makompyuta, mafoni ndi masistimu amene akutsanuliridwa m'zipatala, m'masukulu, m'makhonsolo ndi m'makopaletivu akukhalira ndi anthu owagwiritsa ntchito. Kafukufuku wa munthu wokhala pamalo miyezi, wolankhula chilankhulo cha pamalopo, wosadya za wogulitsa makinawo, ndiponso wobwerera kudzauza anthu zimene wapeza. Ndikunena kuti ndalama za kafukufuku wotere ziyenera kuwerengedwa pa mtengo wa sistimu iliyonse imene boma kapena bungwe likugula, monga mmene amawerengera mawaya ndi mabatire.

Wina angaganize kuti iyi ndi nkhani ya akatswiri okonza makompyuta, koma ayi. Kuyunivesite kuli gawo la maphunziro limene silipanga makina kapena kulemba mapulogalamu. Ntchito yake ndi kufufuza zimene zimachitika makinawo akalowa pakati pa anthu amene ali kale ndi mabwana awo, mantha awo, zizolowezi zawo ndi njira zawo zothandizirana. Mizu ya maphunziro amenewa ndi yakale kuposa kompyuta ya pa desiki. Mu 1951, Eric Trist ndi Ken Bamforth a ku Tavistock Institute ku London anafalitsa zimene anapeza m'migodi ya malasha ya ku Britain, kumene njira yatsopano yokumba ndi makina sinabweretse phindu limene akuluakulu ankayembekezera, ndipo kujomba ndi kusamvana pakati pa anthu kunakula. Anapeza kuti njirayo inaphwasula timagulu ta anthu odziwana, amene kale ankagawana ntchito okha ndi kutetezana pansi pa nthaka, n'kusiya munthu aliyense ndi kachigawo kamodzi ka ntchito kodalira anthu a shifiti ina amene sankaonana nawo. Chimene chimandikhudza pa kafukufuku ameneyu n'chakuti Bamforth anagwirapo yekha ntchito ya mumgodi zaka zambiri asanakhale wofufuza, kotero ankadziwa poyang'ana.

Makompyuta atafika m'makampani, nkhani inali yomweyo. Mu 1987 katswiri wa zachuma Robert Solow anadandaula kuti makompyuta akuoneka paliponse kupatula m'ziwerengero zosonyeza kukwera kwa ntchito, ndipo patapita zaka Erik Brynjolfsson ndi anzake anasonyeza kuti phindu linkaoneka makamaka m'makampani amene, pogula makinawo, anasinthanso kagawidwe ka ntchito ndi kuphunzitsa anthu awo. Mu 1992 Wanda Orlikowski wa pa yunivesite ya MIT ku America anafotokoza za kampani ina yaikulu yopereka uphungu imene inagula Lotus Notes, pulogalamu yoti ogwira ntchito azigawana nzeru, koma ogwira ntchitowo sanagawane kwenikweni, chifukwa pakampanipo munthu ankakwezedwa poona luso lake payekha ndi maola amene walipiritsa makasitomala. Pulogalamuyo inkagwira bwino ntchito, kungoti inafika pamalo pamene kuuza mnzako zimene ukudziwa kunali kudzichotsera wekha nsima pakamwa.

Amene anaika nkhaniyi m'mawu oyenera maiko ngati lathu ndi Richard Heeks wa pa yunivesite ya Manchester. Iye anaphunzitsa kuti sistimu imagwa chifukwa cha mpata umene umakhala pakati pa zimene oikonza ankaganiza ali mu ofesi ndi zimene zilikodi kumene ikukagwira ntchito, pa nkhani ya magetsi, luso la anthu, nthawi, ndalama, kayendetsedwe ka ntchito ndi zimene anthuwo amaziona kuti n'zofunika. Mpatawo ukakula, kugwa kumayandikira. Mu 2003 anayerekeza kuti pa ntchito 100 zilizonse zoika makompyuta m'maofesi a boma m'maiko amene akutukuka kumene, 35 zimalephereratu, 50 zimalephera mbali ina, ndipo 15 zokha ndi zimene zimatheka bwino. Izi zinali zoyerekeza, ndipo papita zaka zoposa 20, koma aliyense amene anaonapo makompyuta ataunjikidwa m'chipinda chosungira katundu cha pasukulu amamva msanga chimene munthuyu ankanena.

Mfundo imeneyi ife a Kum'mawa tili nayo pakhomo, sitifunika kukaitenga ku Manchester. Pa Msekera, kunja kwa Chipata, akatswiri a zaulimi amayesa mbewu nyengo ndi nyengo pa nthaka yathu ndi mvula yathu asanauze mlimi kuti adzale, ndipo mitundu ya nshawa monga MGV 4 ndi MGV 5 imanyamula dzina la Msekera m'malembo ake. Palibe mlangizi wanzeru amene angagawire alimi a ku Lundazi mbewu chifukwa chongomva kuti inabereka bwino ku India. Komabe sistimu ya kompyuta, imene imadya ndalama zambiri ndi kusintha ntchito ya anthu masauzande, timailandira itakonzedwa kale ku Lusaka kapena kunja kwa dziko, timaitanira anthu ku maphunziro a masiku atatu kuhotela, n'kumati yafika. Msekera wa makompyuta tilibe m'chigawo chino, chikhalirecho muli anthu opitirira 2.4 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2022.

Si kuti dziko lathu linachedwa pa zamakono. ZAMNET, kampani ya intaneti imene inabadwira pa yunivesite ya Zambia, inalumikiza dziko lino ku intaneti mu 1994, maiko ambiri a mu Africa asanayambe. Zipatala zathu zakhala ndi SmartCare, sistimu yosunga mbiri ya odwala, kuyambira zaka za m'ma 2000, malipoti a zaumoyo amayenda pa pulogalamu ya DHIS2, kalembera wa 2022 anachitika ndi matabuleti, ndipo tinyumba ta Airtel Money ndi MTN, timene aliyense amangoti ma booth, tadzaza kuchokera pa Kapata mpaka pa msika uliwonse wa m'mbali mwa msewu wa Great East. Zoti zifufuzidwe n'zambiri kuposa ozifufuza.

Taonani e-voucher ya FISP, njira yolandirira thandizo la boma la fataleza ndi mbewu kudzera pa khadi kapena pa foni, nkhani imene mlimi aliyense kuno ali nayo mawu. Boma linaiyesa m'maboma 13 m'nyengo ya 2015/2016, linaifalitsa dziko lonse mu 2017/2018, kenako linabweza maboma ambiri ku njira yakale yogawa fataleza ndi mbewu mwachindunji, ndipo m'nyengo zaposachedwapa labwereranso ku e-voucher. Ganizo lake linali labwino: mlimi apereke K400 yake, boma liwonjezere, iye akasankhe yekha kwa wogulitsa zimene munda wake ukufuna, ndipo mayina a anthu amene kulibe achoke m'kaundula. Ofufuza a bungwe la IAPRI ku Lusaka, amene anatsatira ntchitoyi, anasonyeza kuti zambiri zimene zinkaipunthwitsa sizinali m'kati mwa khadi: ndalama za boma kuchedwa kufika, makhadi kutsegulidwa mvula itagwa kale, netiweki kusowa kumene kuli ogulitsa, ndi ogulitsa ang'onoang'ono kusowa mpamba wodzazira katundu. Kafukufuku wotere ndi wamtengo wapatali, koma pansi pake patsala mafunso amene angayankhidwe ndi munthu wogona kumudzi yekha. Uthenga ukabwera pafoni, foniyo ndi ya yani? M'nyumba zambiri foni ndi imodzi, amayenda nayo ndi abambo, SIM inalembetsedwa ndi reji ya mwana amene ali ku Lusaka, ndipo amayi amene dzina lawo lili m'kaundula wa kopaletivu amamva za uthenga wawo patapita masiku. Mlembi wa kopaletivu, amene kale ankangosunga mndandanda, tsopano ndiye amawerengera anthu mauthenga, ndipo mphamvu imene wapeza mwa njira imeneyi ikhoza kuthandiza mudzi kapena kuudya. Mlangizi wa kampu naye, masabata amene amathera polowetsa mayina mu sistimu amawachotsa pa masabata oyendera minda, ndipo mtengo wa zimenezo sulembedwa m'lipoti lililonse.

Apa ndiyenera kunena za mayunivesite athu, chifukwa kafukufuku wa makompyuta ndi anthu amachitika ndithu, koma wochuluka ndi wa mtundu umene ine ndinanyamula pa tabuleti paja. Mu 1989 Fred Davis anafalitsa m'magazini ya akatswiri ya MIS Quarterly njira yoyezera ngati anthu angalandire pulogalamu yatsopano, yotsamira pa mafunso awiri, lakuti kodi munthu akuona kuti pulogalamuyo ndi yothandiza, ndi lakuti kodi akuona kuti ndi yosavuta. Njirayi, yodziwika ndi dzina lakuti TAM, anaiyesa pa ogwira ntchito a IBM ku Canada ndi pa ophunzira a zamalonda ku America, anthu amene anali ndi magetsi, desiki ndi Chingerezi cha tsiku ndi tsiku. Ophunzira ambiri a digiri yachiwiri amaikonda chifukwa ndi yofulumira: ugawa mafomu 200, uwerengetsa pa kompyuta, pepala latha. Koma namwino wa kumudzi sanasankhe sistimu, anangouzidwa, ndipo kumufunsa ngati akuilandira kuli ngati kufunsa mkamwini ngati akuvomera kulima munda wa apongozi. Funso loyenera ndi lakuti akuchita chiyani kuti ntchito iyende pamene sistimu ndi ntchitoyo zasemphana, ndipo zimenezo zikumudyera maola angati amene akanakhala ndi odwala.

Palinso nkhani ya chilankhulo, imene sindinaimvepo ikupatsidwa ulemu woyenera. Madzulo aliwonse ife ofunsa tinkatsutsana za kamasuliridwe ka mafunso, ndipo m'mawa aliyense ankapita kumudzi ndi kumasulira kwake. Kusiyana kwa kuvomera ndi kuvomera kwathunthu, kumene pa pepala kumakhala 4 ndi 5, m'kamwa mwa munthu wa ku Katete kumadalira amene akufunsa, amene akumvetsera pakhomo, ndi chimene woyankhayo akuopa kutaya akanena zoona. Ngakhale mawu akuti nambala yachinsinsi ali ndi katundu wake. Okonza mobile money amaganiza za munthu mmodzi, foni imodzi ndi chinsinsi chimodzi. Khalani tsiku limodzi pafupi ndi booth pa msika wa kumudzi, mudzaona agogo akupereka foni kwa mtsikana wa m'menemo namuuza nambala ija mokweza, chifukwa maso awo saona bwino zilembo ndipo mtsikanayo ndi mwana wa uje amene amamudziwa kuyambira ali kumsana. Mtsikanayo amadziwa tsiku limene ndalama zothandizira okalamba zimalowa, amathamanga kukafuna floti tsikulo lisanafike, amawerengera anthu mauthenga a ana awo a m'tauni, ndipo kwa anthu amenewo banki ndi iyeyo. Kukhulupirirana kumeneku ndi kumene kumayendetsa sistimu, komanso ndi khomo limene akuba a pafoni amalowerapo. M'banja namo, mkazi wobisa nambala yake amafunsidwa chimene akubisa. Msonkho wa pa mobile money umene unayamba mu 2024 unagwera pa anthu amenewa, ndipo wofuna kudziwa kuti ndani anapirira ndipo ndani anabwerera kumanga ndalama pa nsonga ya chitenje ayenera kukakhala pa booth pomwepo.

Njira ina yochitira kafukufuku ilipo, ndipo zipatso zake tikudya kale. DHIS2 ija sinabadwire m'kampani yamalonda. Inachokera ku HISP, ntchito yokonza kasonkhanitsidwe ka ziwerengero za zaumoyo, imene inayamba ku South Africa chapakati pa zaka za m'ma 1990, ulamuliro wa tsankho utangotha, pamene ofufuza a yunivesite ya Oslo ku Norway, mmodzi wa iwo Jørn Braa, ndi anzawo a ku Cape Town anakhala pansi ndi ogwira ntchito zaumoyo a m'maboma. Mbali yaikulu ya ntchito yawo yoyambirira inali kufunsa kuti pa ziwerengero zonse zimene anamwino ankalemba, ndi ziti zimene munthu wina ankazigwiritsadi ntchito, ndi kudula mafomu kuti patsale zofunika zokha. Pulogalamuyo inakula pang'onopang'ono, ikusinthidwa malinga ndi madandaulo a oigwiritsa ntchito. Mtundu wake wachiwiri unayamba kugwira ntchito ku Kerala ku India mu 2006, ndipo lero uli m'maiko oposa 70. Ophunzira ambiri a digiri ya pamwamba ochokera ku Africa ndi ku Asia anachita kafukufuku wawo m'maofesi a zaumoyo a kwawo komweko. Ngakhale zili choncho, ofufuza omwewo sabisa kuti m'malo ambiri ziwerengero zimangokwera kupita kulikulu, pamene chipatala chimene chinazilemba sichizigwiritsa ntchito posankha zochita. Mawu otere simungawamve kwa wogulitsa.

Kwathu konkuno, ku Macha m'Chigawo cha Kumwera, anthu anakokera intaneti kumudzi nalola ofufuza kuti aone mmene ikugwiritsidwira ntchito. Chimodzi mwa zimene anapeza n'chakuti mauthenga ochuluka ankapita kwa anthu a m'dera lomwelo, akuzungulira kutali kuti akafike kwa mnansi, zimene zinapatsa akatswiri nzeru yoyesa njira zosunga mauthenga otere pafupi. Zoterezi sizidziwika pa ulendo wa tsiku limodzi, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo nthawi zophunzitsa kwambiri ndi zimene zinthu zavuta. Mu 2015, ana a Giredi 9 atalemba koyamba mayeso a kompyuta, nyuzipepala zinalemba za masukulu amene ana anadikira mpaka usiku kuti apeze mpata pa makompyuta ochepa amene analipo. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo ofesi iliyonse inapeza njira yake yoti ntchito isaime. Nzeru zimenezo zili m'mitu ya makalaliki, aphunzitsi ndi anamwino, ndipo adzapita nazo popuma pantchito ngati sipapezeka wozilemba.

Ndikudziwa chimene ambiri anganditsutse nacho, ndipo n'chomveka. Chipatala chimene mankhwala akuperewera, kapena sukulu imene ana akukhala pansi, ingapereke bwanji ndalama kwa munthu woti azikhala pabenchi ndi kope? Ndikanavomera zikanakhala kuti makinawo sakugulidwa, koma akugulidwa chaka ndi chaka. Ngati ngakhale theka la zimene Heeks anayerekeza likuchitika kuno, ndiye kuti zimene zimatayika pa matabuleti otsekeredwa m'kabati ya ahedi, pa masola amene batire lake linafa popanda ndalama yogulira lina, ndi pa maola a anamwino olemba katatu, zimaposa kutali malipiro a ofufuza awiri kapena atatu amene akanachenjeza madzi ali m'nkhongono.

Ena amati phindu la foni ndi intaneti linatsimikizika kale, kotero chatsala ndi kugawa basi. Amatchula Robert Jensen, amene mu 2007 anasonyeza kuti asodzi a ku Kerala atapeza mafoni, mitengo ya nsomba m'misika inayandikirana, kutaya nsomba kunatha, phindu la asodzi linakwera ndi 8 peresenti ndipo mtengo kwa ogula unatsika ndi 4 peresenti. Amatchula Jenny Aker, amene anapeza kuti ku Niger mafoni anachepetsa kusiyana kwa mitengo ya mbewu pakati pa misika ndi 10 mpaka 16 peresenti, ndiponso Tavneet Suri ndi William Jack, amene mu 2016 anayerekeza kuti mobile money ya M-Pesa inatulutsa mabanja 194,000 a ku Kenya mu umphawi, ngakhale kuti ofufuza ena anatsutsa chiwerengero chimenechi. Koma msodzi wa ku Kerala anali m'bwato panyanja, ndipo akamva za mtengo wabwino ankangotembenuza bwato. Mlimi wa soya ku Vubwi akhoza kudziwa mtengo wa ku Chipata mpaka ngwee yomaliza, koma matumba ake 10 alibe chowanyamulira, mwana wa kusukulu yogonera komweko akufunika ndalama Lolemba, ndipo wa sikelo ali kale pakhomo ndi ndalama m'manja. Marcel Fafchamps ndi Bart Minten, amene mu 2012 anafalitsa kafukufuku wa alimi a ku Maharashtra ku India olandira mitengo ya pamsika pa SMS, sanapeze kusintha kwenikweni pa mitengo imene alimiwo ankalandira. Foni ndi yomweyo, chosiyanitsa ndi msewu, ngongole ndi amene ali ndi mphamvu pamsika, ndipo zimenezi za ku Vubwi sizingawerengedwe m'pepala la ku Kerala.

Enanso amati mabungwe opereka thandizo ali ndi anthu awo owunika ntchito. Alipo, ndipo ine ndinali mmodzi wa otumidwa awo. Kuwunika kumeneko kumawerenga makompyuta amene aperekedwa, anthu amene aphunzitsidwa ndi mayina amene alowetsedwa, chifukwa ndi zimene wopereka ndalama analonjezedwa, ndipo lipoti limatuluka galimoto za bungwe zikubwerabe, mabandulo akulipiridwabe. Zoona za sistimu zimaoneka chaka chachiwiri bungwe litachoka, munthu yekhayo amene anaphunzitsidwa atasamutsidwira ku boma lina, ndipo pa nthawi imeneyo owunika aja amakhala ali pa ntchito ina.

Ofufuza nawonso ali ndi mlandu wawo, ndipo sindingapemphe ndalama m'dzina lawo popanda kuutchula. Anthu a m'midzi yathu atopa kufunsidwa. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo ofufuza ambiri akhaladi mame: amafika m'mawa, amadinditsa chala pa fomu ya chilolezo imene woyankhayo sanaimve bwino, amatenga nambala ya foni ndi malo a nyumba pa GPS, pofika masana auma. Zimene apeza zimatuluka patapita zaka m'Chingerezi cholimba, m'magazini a kunja amene nthawi zina ngakhale mphunzitsi wa pakoleji ku Chipata sangawatsegule popanda kulipira madola. Lamulo la Data Protection Act la 2021 linabwera kudzateteza nkhani za moyo wa munthu, koma chilolezo chenicheni chimafuna kuti munthuyo adziwe kumene mawu ake akupita, ndi kuti tsiku lina adzamve chimene anabala. Ine sindinabwerere kwa anamwino aja, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Chimene ndikupempha sichachikulu. Unduna, khonsolo kapena bungwe likamagula sistimu yoti igwire ntchito m'chigawo chino, lipatule kagawo ka ndalamazo kupita kwa ofufuza oima paokha, ndipo nthawi yawo ipitirire zaka ziwiri ntchitoyo itaperekedwa m'manja mwa eni ake. Ofufuzawo asachokere ku Lusaka kokha. Tili ndi Chipata College of Education, tili ndi masukulu a unamwino ku Chipata, ku Mwami ndi ku St Francis ku Katete, amene ophunzira awo amathera kale miyezi m'masukulu ndi m'zipatala za kumidzi pophunzira ntchito. Ataphunzitsidwa kuyang'ana ndi kulemba, motsogozedwa ndi aphunzitsi a pa yunivesite ya Zambia, ya Copperbelt kapena ya Mulungushi, amenewa akhoza kuona zimene mlendo sangaone, monga Bamforth ankaonera mumgodi. Aphunzitsi a kuyunivesite nawo avomere kuti wophunzira amene wakhala miyezi 6 pachipatala chimodzi nalongosola bwino mmene ntchito imayendera wachita kafukufuku wolemera kuposa wa mafomu 200 ogawidwa pa sabata imodzi. Zotuluka zake zibwerere kuno m'Chichewa, m'Chinsenga ndi m'Chitumbuka, zimveke pa Breeze FM ndi pa Radio Maria, zikambidwe pabwalo la amfumu, pamene mlimi angaimirire n'kunena kuti apo mwalakwitsa. Chovuta kwambiri, chimene chikufuna kulimba mtima kwa akuluakulu a maofesi, n'chakuti lipoti lonena kuti sistimu yalephera lisabisidwe m'dirowa, ndipo wogwira ntchito amene wauza wofufuza zoona asadzaitanidwe ku ofesi kukafotokoza chifukwa chimene analankhulira.

Ndikanapatsidwa mwayi wosankha poyambira, ndikanayamba ndi makope a chikuto cholimba aja, pakuti ndawaona kwa alangizi, kwa ahedi ndi kwa makalaliki a m'makhonsolo, ndipo kope lililonse limasonyeza malo enieni amene sistimu inasiya ntchito yosagwiridwa. Galimoto isanafike tsiku lija, anamwino aja anatsegula tsamba limene linali lisanalembedwe mayina nandionetsa mitu ya mizere yake. Panali mzere wa mudzi ndi mfumu yake, wa nambala ya foni ya mnansi pamene ankadziwa kuti uthenga wopita pa foni ya mwamuna sungafike, wa munthu amene angaperekeze mayiyo usiku, ndipo womaliza unangolembedwa kuti mtsinje. Nditafunsa, anati mzere umenewo ndi wa amayi okhala kutsidya kwa mtsinje umene umadzaza mu Januwale ndi Febuluwale, amene ayenera kuitanidwa msanga kudzakhala kunyumba yodikirira madzi asanatseke njira. Kompyuta inali ndi malo a zaka za mayiyo, a sikelo ndi a tsiku lobwereranso, koma a mtsinje inalibe. Kope limenelo linali lachinayi, anandiuza, ndipo onsewo anawagula ndi ndalama zawo.